MBIRI YA ANTHU OTCHUKA: IVAN PAVLOV, MWANA WA WANSEMBE AMENE ANAFUFUZA MATENDA A MAGANIZO PA AGALU

Anzanga amene tinadyera limodzi nsima ya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa pa sukulu yathu ija, ndikhulupirira kuti palibe amene anaiwala belu la 12 koloko. Likangolira, ngakhale aphunzitsi akhale ali pakati pa samu, m'mimba munkayamba kulira ndipo m'kamwa munkadzaza malovu, chonsecho nsimayo tisanaione n'komwe. Pa phunziro la Biology tinauzidwa kuti amene anafufuza zimenezi anali bambo wina wa ku Russia dzina lake Ivan Pavlov. Tinalemba m'makope za galu, belu ndi malovu, tinaloweza, tinayankha pa mayeso, nkhani n'kuthera pomwepo.

A Mkonzi atandipempha kuti ndilembeko mbiri ya munthu mmodzi wotchuka m'kalata yathu ino, ndinasankha a Pavlov kaamba koti zimene tinaloweza zija ndi kachigawo chabe ka ntchito yawo. Zaka zawo zomaliza anazithera pofufuza chimene chimachitika mu ubongo kuti cholengedwa chimene chinali bwinobwino chisokonekere mutu. Ndili ndi chifukwa chinanso chondikhudza ine mwini, koma chimenecho ndichitchula kumapeto.

Ubwana ndi maphunziro

Ivan Petrovich Pavlov anabadwa pa 26 Seputembala 1849 mu mzinda wa Ryazan, kum'mwera chakum'mawa kwa Moscow. Anali mwana woyamba m'banja lalikulu ndipo bambo ake anali wansembe wa mpingo wa Orthodox. Ali wamng'ono anagwa kuchokera pa mpanda wautali n'kuvulala kwambiri, kotero kuti sukulu yeniyeni anaiyamba ali ndi zaka 11. Monga ankachitira ana a ansembe nthawi imeneyo, analowa sukulu ya mpingo kenaka seminale, aliyense akuyembekeza kuti adzavala mkanjo wa bambo ake.

Koma ku seminale komweko mnyamatayu anayamba kuwerenga mabuku a sayansi. Limene linamutembenuza mtima linali la Ivan Sechenov la m'chaka cha 1863, lomwe linkanena kuti ngakhale maganizo a munthu amachokera m'kagwiridwe ka ntchito ka ubongo ndi mitsempha, ndipo angathe kufufuzidwa monga tifufuzira mtima kapena mapapo. M'chaka cha 1870 anasiya seminale asanamalize n'kukalowa yunivesite ya St Petersburg. Kumeneko anaphunzira luso la opaleshoni ya nyama kwa mphunzitsi wotchedwa Ilya Cyon, ndipo mu 1875 anapata mendulo ya golide chifukwa cha kafukufuku wa mitsempha ya kapamba. Maphunziro a udokotala anawamaliza mu 1879 pa sukulu ya madokotala a asilikali.

Mu 1881 anakwatira mphunzitsi wina, Serafima Karchevskaya. Banjali linayamba mu umphawi wadzaoneni, mwakuti nthawi zina ankagona kwa abale chifukwa chosowa ndalama ya lendi, ndipo mwana wawo woyamba anamwalira ali khanda. Pambuyo pake anabereka ana ena anayi. Kuyambira 1884 mpaka 1886 a Pavlov anakasula luso lawo ku Germany, kwa Rudolf Heidenhain ku Breslau ndi kwa Carl Ludwig ku Leipzig. Ntchito yokhazikika anaipeza ali ndi zaka 40, pamene anasankhidwa kukhala pulofesa mu 1890. Chaka chotsatira anapatsidwa udindo woyendetsa nthambi ina pa Institute of Experimental Medicine, ndipo anakhala pamenepo zaka 45 mpaka imfa yawo. Kwa anzathu amene akuona ngati zinthu zikuchedwa, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphotho ya Nobel inali ya m'mimba

Ambiri a ife timaganiza kuti a Pavlov analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha belu ndi malovu. Si choncho ayi. Mphotho imene analandira mu 1904, woyamba mwa anthu a ku Russia, inali ya kafukufuku wa momwe chakudya chimagayikira m'thupi. Akatswiri ambiri a nthawiyo ankatumbula nyama, kuona zam'kati kamodzi, nyamayo n'kufa. Iwo ankachita opaleshoni mwaukhondo ngati ya munthu, galu n'kuchira, kenaka n'kumamuyang'anira miyezi kapena zaka. Ankapatula kachigawo ka chifu n'kukasoka ngati kathumba kokhala ndi kabowo kotulukira kunja, koma mitsempha yake osaidula, kuti azitha kuyeza madzi ogaya chakudya dontho ndi dontho. Madzi amenewa ankawagulitsanso ngati mankhwala a odwala m'mimba, ndalama yake n'kumayendetsera labotale.

Ali pa ntchito imeneyi, iwo ndi ophunzira awo anaona kuti agalu ankayamba kuchucha malovu akangoona mbale kapena kumva mapazi a munthu wowapatsa chakudya. Kuyambira cha m'ma 1901 a Pavlov anatembenukira ku chinthu chimenechi. Ankaboola tsaya la galu kuti malovu azitulukira m'kachubu, ndipo ankapereka chizindikiro chakudya chisanafike. Belu ankaligwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Kawirikawiri chinkakhala kachipangizo kogunda ngati wotchi kotchedwa metronome, kapena nyali, kapena kukhudza khungu la galuyo. Akabwereza kangapo, chizindikiro chokha chinkakwanira kutulutsa malovu. Chimenechi ndicho tinkachitcha conditioned reflex m'kalasi muja.

Anapezanso chinthu china chimene chinadzakhala chofunika kwambiri kwa madokotala. Chizindikiro chikamaperekedwa kambirimbiri popanda chakudya, malovu amaleka. Koma galuyo akapumula, tsiku lina malovu aja amabwereranso okha. Apa anazindikira kuti chimene ubongo waphunzira sichifufutika, chimangoponderezedwa. Motero anati mu ubongo muli mphamvu ziwiri zolimbana, ina yodzutsa ndi ina yoletsa, ndipo moyo wabwino umadalira kuti ziwirizi zikhale pa mlingo woyenera.

Galu amene anasokonekera mutu

Mayi wina wofufuza mu labotale yawo, Shenger-Krestovnikova, ankaonetsa galu chithunzi chowala chozungulira ngati mwezi wathunthu, n'kumupatsa chakudya. Akamuonetsa chithunzi chooneka ngati dzira sankamupatsa kanthu. Poyamba kutalika kwa dziralo kunali kuwirikiza kawiri kufupika kwake, ndipo galu anasiyanitsa mosavuta. Pang'onopang'ono mayiyu ankalifupikitsa kuti lizifanana ndi mwezi uja, mpaka mbali zake zinafika pa mlingo wa 9 kwa 8. Apa galu anavutika kwa masabata atatu, kenaka khalidwe lake linasinthiratu. Galu amene ankaima mwakachetechete anayamba kulira, kuphiriphitha ndi kuluma machubu, ndipo akamalowa naye m'chipindamo ankauwa mwaukali. Ngakhale zithunzi zosavuta zimene ankazisiyanitsa kale anayamba kuzilephera.

Galuyu palibe anamumenya kapena kumumwetsa mankhwala. Anangopatsidwa funso limene sakanatha kuliyankha komanso sakanatha kulithawa. A Pavlov anati mphamvu ziwiri zija zawombana, ndipo anaona kuti apeza njira yopangira matenda a maganizo mu labotale, kuwayeza ndi kuyesa kuwachiza.

Amene anapitiriza kwambiri ntchitoyi anali dokotala Maria Petrova, yemwe anagwira nawo ntchito kuyambira 1912. Iye anatenga agalu awiri, wina wojijirika ndi wina wofatsa, n'kuwaphunzitsa kudikira chakudya mpaka mphindi zitatu chizindikiro chitayamba. Wofatsa uja anapirira, koma wojijirika anasokonezeka n'kulephera kudziletsa pa chilichonse, ndipo anachira atapatsidwa mankhwala a bromide. Wofatsa uja naye anadzagonja atapatsidwa mayeso a mtundu wina, koma iye anangofooka n'kuleka kulabadira zizindikiro, ndipo chimene chinamuthandiza ndi kupumula nthawi yaitali. Poona izi a Pavlov anagawa agalu m'magulu anayi a chibadwa, potsata magulu amene asing'anga akale a ku Greece ankagawira anthu. Mfundo yawo inali yoti katundu mmodzimodzi angathyole wina, mnzake n'kumusenza bwinobwino, ndipo wothyokayo alibe mlandu.

Njala, nkhondo ndi chigumula

Chipani cha Bolshevik chitalanda boma mu 1917, a Pavlov anataya ndalama zawo za mphotho ya Nobel pamene boma linalanda mabanki. Mwana wawo Viktor anamwalira ndi matenda a typhus mu 1919. Agalu a mu labotale ankafa ndi njala, ndipo mkulu wa zaka 70 uja ankadzilimira ndiwo ndi mbatata kuti banja lidye. Mu 1920 analembera boma kupempha chilolezo chotuluka m'dziko. Lenin sanafune kutaya munthu wotchuka chotero, ndipo pa 24 Januwale 1921 anasaina lamulo loti a Pavlov apatsidwe zonse zofunika pa ntchito yawo, kuphatikizapo chakudya chapadera. Iwo anayamba akana chakudyacho ponena kuti sangadye bwino anzawo akugona ndi njala.

Pa 23 Seputembala 1924 mtsinje wa Neva unasefukira mu mzinda wawo, umene tsopano unkatchedwa Leningrad, madzi n'kukwera kupitirira mamita atatu ndi theka. Makola a agalu anali pansi ndipo madzi analowamo. Antchito anawatulutsa movutikira n'kuwasambiritsa m'timagulu, mphepo ikuwomba ndi mitengo ikugwa, mpaka ku nyumba ya labotale. Kumeneko anawaunjika pamodzi, ndipo ngakhale agalu amene ankalumana masiku onse sanachite ndewu.

Madzi ataphwa, agalu ambiri anabwerera pa ntchito ngati palibe chachitika. Koma ena ochepa, makamaka amantha, anasintha. Galu wina amene ankayang'aniridwa ndi Alexei Speransky analeka kulabadira zizindikiro zonse zimene anaphunzira, ndipo ankakana chakudya ngakhale ali ndi njala. Ankakhazikika pokhapokha Speransky akakhala naye m'chipindamo, ndipo pambuyo pake anapeza kuti ngakhale chovala chake chokha chikasiyidwa mmenemo chinkathandiza. Patapita miyezi iwiri, galuyo akuoneka kuti wachira, anthu anathira madzi pang'ono kuti ayenderere pansi pa chitseko. Galu anadzambatuka, n'kuyang'anitsitsa pansi, kupuma mwawefuwefu ndi kufuna kuthawa, ndipo matenda aja anayambiranso.

Nkhani imeneyi ndimaikumbukira ndikaganiza za abale athu amene anapulumuka namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ndamvapo ena a iwo akunena kuti mvula ikayamba kugunda pa malata usiku, tulo timatheratu. Madokotala a masiku ano matendawa amawatcha PTSD. Galu wa ku Leningrad uja anaonetsa zinthu zitatu zimene iwo amaziona mwa anthu: si onse opulumuka amene amadwala, kachikumbutso kakang'ono kangadzutse mantha onse, ndipo kukhala pafupi ndi munthu amene umamukhulupirira kumachepetsa manthawo.

Nkhalamba m'chipatala cha amisala

Kuyambira 1918 a Pavlov anayamba kuyendera chipatala cha odwala misala cha ku Udelnaya, kumakhala pansi ndi kuonerera odwala ngati mwana wa sukulu. Kumeneko anaona bambo wina amene anagona zaka zoposa 20 osalankhula ndi osasuntha, ngati mtembo. Atayamba kulankhula ali wokalamba, bamboyo anafotokoza kuti zaka zonsezo ankamva ndi kuzindikira zochitika, koma thupi linkamulemera kwambiri. A Pavlov anaganiza kuti ubongo wofooka ukapanikizika umadzitseka wokha podziteteza, ngati munthu amene ali pakati pa tulo ndi maso. Choncho ankalimbikitsa kuti odwala otere azisungidwa pa malo abata, asamachitidwe nkhanza, ndipo ena azigonekedwa tulo tatitali ndi mankhwala. Mu 1931, ali ndi zaka 82, anatsegula zipatala ziwiri zazing'ono zogwirizana ndi labotale yawo, china cha matenda a mitsempha ndi china cha misala, ndipo Lachitatu lililonse ankakumana ndi madokotala kukambirana za odwala.

Si zonse zimene ananena zinali zoona. Maganizo awo pa matenda a schizophrenia akatswiri a lero sawavomereza, ndipo bromide ndi tulo tatitali zinasiyidwa kalekale. Galu sangakuuze kuti akumva mawu a anthu osaoneka kapena kuti moyo wamukwana, choncho pali malire pa zimene nyama ingatiphunzitse za munthu. Tisabisenso kuti agalu ambiri anazunzika ndi kufa pa ntchitoyi. A Pavlov eni ake ankadziwa zimenezi, ndipo mu 1935 anaimika chipilala cholemekeza galu pa bwalo la Institute yawo. Wophunzira wawo wina, Nikolai Krasnogorsky, anafika poyesa njira zomwezi pa ana, chinthu chimene malamulo a kafukufuku a masiku ano sangachilole.

Munthu wosaopa boma

Ife amene timadya za boma tikudziwa kuvuta kwake kodzudzula amene akukupatsa malipiro. Boma la Soviet linawamangira a Pavlov mudzi wathunthu wa kafukufuku ku Koltushi, kunja kwa Leningrad, komabe iwo sanatseke pakamwa. Mu 1924 anatula pansi udindo wawo pa sukulu ya madokotala a asilikali pokwiya kuti ana a ansembe akuchotsedwa sukulu, ponena kuti nawonso ndi mwana wa wansembe. M'mwezi wa Disembala 1934, anthu akumangidwa mwaunyinji mu Leningrad Sergei Kirov ataphedwa, analembera Vyacheslav Molotov, mmodzi wa akuluakulu a boma la Stalin, kalata yodzudzula nkhanzazo, ndipo anapempherera anthu angapo omangidwa kuti amasulidwe. Zoona, kutchuka kwawo kunkawateteza, koma otchuka ena ambiri anasankha kukhala chete.

Mu 1935 anatsogolera msonkhano waukulu wa akatswiri a kagwiridwe ka ntchito ka thupi a dziko lonse, umene unachitikira ku Leningrad ndi ku Moscow. Chaka chomwecho mwana wawo wina, Vsevolod, anamwalira ndi khansa. Iwo anamwalira ndi chibayo pa 27 Febuluwale 1936 ali ndi zaka 86. Chomvetsa chisoni n'chakuti mu 1950 boma la Stalin linasandutsa ziphunzitso zawo kukhala lamulo losatsutsika, n'kuchotsa ntchito akatswiri ena, kuphatikizapo wophunzira wawo wokondedwa Leon Orbeli, powanamizira kuti apatuka pa njira ya Pavlov.

Zipatso za ntchito yawo

Njira imene analambula inatsatidwa ndi ambiri. Ku America, W. Horsley Gantt, amene anaphunzira kwa iwo ku Leningrad, anapitiriza ndi agalu pa yunivesite ya Johns Hopkins, pomwe Howard Liddell ankagwiritsa ntchito nkhosa ndi mbuzi ku Cornell. Kuno kwathu kum'mwera kwa Africa, dokotala wa ku Johannesburg, Joseph Wolpe, amene anasamalirapo asilikali osokonezeka ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anayesa amphaka pa yunivesite ya Witwatersrand. Amphaka amene anagwidwa ndi magetsi m'khola ankakana kudyera m'kholamo ngakhale njala itawapweteka. Wolpe anayamba kuwadyetsera m'chipinda chosafanana ndi chimene munali khola lija, n'kumawasendeza pang'onopang'ono mpaka anayambanso kudyera m'khola momwemo. Mu 1958 anasindikiza buku lofotokoza momwe njirayi ingachizire anthu, ndipo kuzolowetsa wodwala pang'onopang'ono chinthu chimene amachiopa ndi imodzi mwa njira zodalirika zochizira mantha ndi nkhawa mpaka lero.

Ngakhale mankhwala a chlorpromazine, amene anayamba kuperekedwa kwa odwala misala ku Paris mu 1952 ndipo akupezekabe m'zipatala zathu, anayamba ayesedwa pa makoswe ophunzitsidwa mwa njira ya a Pavlov. Makoswewo anaphunzira kukwera chingwe akamva chizindikiro pothawa magetsi, koma atapatsidwa mankhwalawa ankangochimva chizindikirocho osatekeseka.

Chifukwa changa china

Tili Fomu 4, mayeso atayandikira, mnzathu wina wa mu hositelo yathu anayamba kusintha. Dzina lake sinditchula, koma a chaka chathu amukumbukira. Anali mnyamata wanzeru amene mudzi wonse unkayembekeza kuti apita ku yunivesite. Analeka kugona, kenaka analeka kudya, ndipo usiku wina tinamupeza akung'amba makope ake akulira. Ena anati ndi chamba, ena anati amulodza kumudzi, ena anati wawerenga mopitirira. Tinamupatsa dzina lachipongwe, ndipo ine ndinali mmodzi wa oseka. Abale ake anabwera kudzamutenga ndipo mayeso sanalembe. Palibe mmodzi wa ife amene anamulembera kalata kapena kufunsa kumene anapita.

Sindine dokotala ndipo sindinganene kuti ankadwala chiyani. Koma nditawerenga za galu wa mwezi ndi dzira uja, komanso za galu amene ankakhazikika mtima munthu akangokhala naye pafupi, ndinachita manyazi. Chimene mnzathuyo ankasowa kwa ife sichinali chodula.

Tsono pempho langa ku komiti yathu ndi ili. Chaka ndi chaka timasonkha ndalama za malata, madesiki ndi mabuku, ndipo n'zabwino. Pa msonkhano wathu wa pachaka ukubwerawu tikambiraneko zoitana namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo kuti azikacheza ndi ana a Fomu 4 mayeso asanayambe, komanso kuthandiza aphunzitsi kuzindikira msanga mwana amene wayamba kusintha. Pakati pathu tili nawo anzathu a zaumoyo amene angatitsogolere. Ndipo ngati alipo amene akudziwa kumene kuli mnzathu uja, chonde adziwitse a Mkonzi, pakuti ena a ife tili naye ngongole ya chipepeso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.